Chipinda cha odwala mwakayakaya ku Central: kumene ntchitoyi inachokera

Gadiyani akamva kuti m'bale wake amupititsa ku ICU, chipinda cha odwala mwakayakaya, mtima umayamba kuthawa. Ku Lilongwe kuno timangoti "ali pa makina", ndipo tikatero mawu timatsitsa. Koma ntchito yosamala odwala mwakayakaya inayamba ndi manja a anthu, makina adabwera pambuyo.

Mu 1952 mliri wa poliyo unagwa mumzinda wa Copenhagen ku Denmark. Ana ankafika pachipatala cha Blegdam minofu yopumira itafa ziwalo, ndipo ambiri ankamwalira. Dokotala wogonetsa odwala pa opaleshoni, Bjørn Ibsen, anaona kuti chikuwapha ndi kulephera kupuma mokwanira. Anati aboole pakhosi, alowetse kachubu, munthu azifinya thumba la labala kukankhira mpweya m'mapapo. Ophunzira zachipatala mazanamazana ankasinthana usana ndi usiku, aliyense pambali pa bedi la wodwala wake, ndipo imfa zinatsika kwambiri. Chaka chotsatira, mu 1953, Ibsen anatsegula chipinda chapadera cha odwala otere.

Likulu la dziko litasamukira ku Lilongwe mu 1975, chipatala cha Kamuzu Central chinatsegulidwa mu 1977 kuti chizilandira odwala otumizidwa kuchokera m'maboma onse a chigawo chapakati. Nthawi imeneyo sukulu ya madokotala m'dziko muno kunalibe. College of Medicine inayamba mu 1991 ku Blantyre. Amene ananyamula ntchito yogonetsa odwala, komanso yoyang'anira opumira makina, ndi ma clinical officer, ambiri ophunzitsidwa kusukulu ya zogonetsa yomwe Paul Fenton anayambitsa pa Queen Elizabeth, pamodzi ndi anamwino. Anthu awa sitiwatchula kawirikawiri, ndipo zimandiwawa, chifukwa ndiwo amachezera usiku wonse akuyamwa makhololo m'chubu, kutembenuza wodwala kuti asatuluke zilonda, ndi kufinya thumba lija magetsi akazima jenereta lisanalire.

Kwa zaka zambiri ICU ya ku Central inali ndi mabedi asanu okha. Ganizirani ovulala pangozi za pamsewu wa M1, amayi otaya magazi pobereka, ochitidwa opaleshoni ya m'mimba matumbo atabooka, onsewa kudikira mabedi asanu. Apa ndi pomwe dokotala wofufuza amapeza funso lake lenileni: bedi likatsala limodzi, apatsidwe ndani?

Maiko olemera ali ndi njira zowerengera mwayi wa wodwala, koma zambiri zimadalira kuyeza magazi kangapo ku labu, zomwe kuno sizitheka tsiku lililonse. Dokotala wa ku America, Meghan Prin, pamodzi ndi anzake a pa Central, anatsatira odwala a m'chipindachi n'kupeza kuti njira zingapo zobwereka zomwe anayesa sizilosera bwino kwa odwala athu. Anakonza yawo yotchedwa MIME, yogwiritsa ntchito zinthu zooneka pabedi pomwepo monga zaka za wodwala, kuthamanga kwa magazi, kutentha thupi ndiponso ngati mutu ukugwira. Ine ndimauona kuti ndi kafukufuku wolemekeza wodwala wa ku Dowa kapena ku Mchinji, chifukwa akuyambira pa zomwe namwino ali nazo m'manja.

Ofufuza ena, mmodzi mwa iwo Tim Baker amene anagwirapo ntchito ku Blantyre, akhala akunena kuti odwala mwakayakaya ambiri sali ku ICU ayi, ali m'mawodi wamba. Chowapulumutsa ndi kuwazindikira msanga: kuwerenga kapumidwe, kuika kachipangizo pachala koyeza okosijeni, kupereka mpweya ndi diripu, kugoneka wokomoka chammbali kuti asatsamwe.

Zimenezi tinaziona ndi maso athu nthawi ya Covid-19. Odwala oyamba analengezedwa pa 2 April 2020, kuno ku Lilongwe. Pa 12 January 2021 nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi, ndipo posakhalitsa bwalo la masewero la Bingu linasanduka chipatala. Chomwe mabanja ankafunafuna masabata amenewo chinali silinda ya okosijeni ndi munthu wodziwa kuilumikiza.