M'mimba mukavuta musathamangire Flagyl: zomwe zimayambitsa komanso zomwe mungachite pakhomo

Abale anga, mvula ikangoyamba, mango akupsa, ntchentche zili ponseponse, nkhani ya m'mimba imalowa pafupifupi khomo lililonse. Uyu watsegula, uyu akuti mukupota, winayo masiku atatu osapita kuchimbudzi. Ndiye chomwe ambirife timachita nchimodzimodzi, kutuma mwana kugolosale akagule Flagyl awiri kapena Bactrim, kumwa, basi. Chonde tisiye. "M'mimba" si matenda amodzi, ndipo mavuto ambiri a m'mimba safuna ma antibiotic nkomwe. Mukamamwa mankhwalawa mwachisawawa, awiri lero awiri mwezi wamawa, majeremusi amawazolowera, tsiku lomwe mudzawafunedi sadzagwira ntchito.

Tiyambe ndi kutsegula m'mimba poti ndiko kumapha, makamaka ana. Kumabwera ndi tizilombo tomwe talowa kudzera m'madzi, m'chakudya kapena m'manja mosasamba. Madzi a pachitsime chosatetezedwa mvula ikakokolola zonyansa, mkute womwe wagona osautenthetsa bwinobwino, ndiwo za nyama zomwe zakhala mufiliji magetsi atazima tsiku lonse, kabichi wosaphika uja amatiikira pa chipisi pachiwaya, mafilizi omwe sitidziwa kuti madzi ake anatunga kuti. Komanso beseni limodzi lija timasambamo m'manja tonse, kuyambira abambo mpaka mwana womaliza, womalizayo amakhala akusamba litsiro la anthu onse. Thiranani madzi ndipo sopo akhalepo, kuchimbudzi kukhale mpondagiya. Madzi akumwa wiritsani kapena thiranimo WaterGuard kapena klorini amene alangizi a zaumoyo amagawa, mukathira dikirani mphindi 30 musanamwe.

Nthawi zambiri kutsegulaku ndi ma virus, amatha okha pakapita masiku ochepa. Choopsa ndi kutha kwa madzi m'thupi. Ndiye mankhwala oyamba ndi Thanzi ORS, paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi aukhondo, omwe ndi mabotolo awiri a 500ml aja. Musagawe paketi kuti ina mudzagwiritse mawa, musungunule yonse, ndipo zomwe zatsala pakadutsa maola 24 mutaye mupange zina. Ngati Thanzi palibe, usiku, chipatala chili kutali, pangani nokha: lita imodzi ya madzi owiritsa atazizira, masupuni ang'ono a tiyi 6 a shuga osasefukira, ndi theka la supuni yomweyo ya mchere. Theka basi. Mchere ukachuluka umavulaza mwana, lawani kaye, zisawawe kuposa misozi.

Mwana wosakwana zaka 2 mumpatse kota kapena theka la kapu nthawi iliyonse wachita chimbudzi chamadzi, wamkuluko theka mpaka kapu yodzadza, munthu wamkulu amwe mmene angathere. Akasanza musataye mtima, dikirani mphindi 10 muyambirenso pang'onopang'ono ndi supuni. Woyamwa apitirize kuyamwa, kawirikawiri kuposa masiku onse. Ndipo mufunse zinki kuchipatala kapena kwa alangizi, mwana amwe masiku 10 mpaka 14 ngakhale kutsegulako kutasiya tsiku lachiwiri, chifukwa zinki amachepetsa masiku odwala komanso amathandiza kuti asadwalenso msanga. Zoziziritsa kukhosi ndi majuwisi otsekemera aja si Thanzi, shuga wake ndi wambiri, amatha kuonjezera kutsegulako. Komanso musamumane chakudya poganiza kuti m'mimba muume, mpatseni phala, nthochi yakupsa, mpunga wofewa, mbatata yophika, pang'ono pang'ono.

Nkhani ya liwombo ndiyikhalire pang'ono chifukwa ndinaziona ndi maso anga kumudzi. Mwana wa miyezi isanu ndi iwiri, watsegula masiku awiri, pamutu palowa mpaka kuoneka kadzenje, agogo ake amupaka mankhwala akuda pamutupo akuti ndi liwombo. Mwanayo akulira koma misozi osatuluka, milomo gwa, thewera louma kuyambira m'mawa. Agogowo sankafuna zoipa ayi, ndi zomwe anakula nazo. Koma liwombo likalowa mwa mwana wotsegula m'mimba ndiye kuti madzi atha m'thupi, zopakapaka sizibwezeretsa madzi. Tinamunyamula, m'njira mayi ake akumuyamwitsa ndi kumumwetsa Thanzi, kuchipatala anamuika diripi, mawa lake pamutu panali patadzadza. Mukaona liwombo lalowa, maso alowa, khungu la pamimba mukalitsina likuchedwa kubwerera, mwana walefuka kapena akukana kuyamwa, nyamukani nthawi yomweyo. Katemera wa rota uja amawadontheza ana mkamwa kusikelo pa masabata 6 ndi 10 anayamba kuno mu 2012, amateteza ku kutsegula koopsa, musamudumphitse mwana.

Kolera ndi nkhani ina. Mliri womwe unayambira ku Machinga mu March 2022 unafika maboma onse ndipo unatenga anthu oposa 1,700, tonse tikukumbukira. Chimbudzi chikakhala chamadzi okhaokha ngati otsukira mpunga, chikutuluka mosalekeza, miyendo ikukokana, izo si za pakhomo. Munthu amatha m'maola ochepa. Thanzi m'botolo, azimwa m'njira, ulendo wa kuchipatala.

Tsopano chilungulira. Kutentha kuja kumachoka pamimba kukwera pachifuwa mpaka kukhosi, nthawi zina ndi timadzi towawasa mkamwa. Ndi asidi wa m'mimba amene akubwerera m'mwamba. Chimakonda kubwera mukadya kwambiri kenako nkugona pompo, zamafuta ambiri, tsabola wa kambuzi, mowa, fodya, khofi, ena mbatata imawachita. Amayi oyembekezera nawo chimawavuta kwambiri miyezi yomaliza. Chothandiza nchosavuta: idyani pang'ono koma kangapo, nsima ya usiku idyedwe maola awiri kapena atatu musanagone, ndipo kumutu kwa bedi kukwezeni ndi njerwa kuti chifuwa chikhale pamwamba. Mapilitsi otafuna a maginiziyamu aja amaziziritsa. Ena amamwa soda wophikira therere, amathandizadi kwa kanthawi koma ali ndi mchere wambiri, a BP ndi oyembekezera musayerekeze, ndipo asakhale wa tsiku ndi tsiku.

Ma alsa anthu timati amabwera ndi njala kapena maganizo. Zimenezi zimangokulitsa ululu, koma zilonda zam'mimba zenizeni kawirikawiri zimayamba ndi kachilombo kotchedwa H. pylori, kapena mankhwala opha ululu ngati bulufeni, asipulini, Indocid ndi diclofenac. Apa ndiye pamandidetsa nkhawa, munthu m'mimba mukumuwawa iye nkumwa bulufeni kuti ululu uleke, osadziwa kuti akukanda chilonda chomwecho. Ngati mukufuna chochepetsa ululu imwani panado. Mkaka umaziziritsa kanthawi kochepa koma suchiza. H. pylori amachizika, pali mankhwala ophatikiza omwe adokotala amapereka kwa sabata imodzi kapena ziwiri, ndiye m'malo mokhala zaka mukusala nyemba ndi mandimu pitani akakuoneni.

Kudzimbidwa nako, makamaka ife a m'tauni, buledi ndi tiyi m'mawa, nsima ya ufa woyera ndi kanyama masana, masamba osaoneka, madzi osamwa, tsiku lonse pampando. Bwererani ku mgaiwa, gaga uja ndi amene amathandiza kuti chimbudzi chiyende. Nkhwani, bonongwe, chisoso, mpiru, papaya wakupsa, mango, nyemba. Madzi ambiri, kapu ya madzi ofunda m'mawa musanadye, kuyendako wapansi, ndipo chimbudzi chikakupezani musachisunge. Mankhwala azitsamba otsuka m'mimba omwe amagulitsa m'mabotolo mumsewu aja ine sindingakulimbikitseni, muyezo wake sudziwika, ena amatsegula nawo mpaka kufooka. Mwana wakhanda musamuike sopo kapena mankhwala kumalo ochitira chimbudzi.

M'mimba kufufuma ndi mpweya, nyemba, nandolo, kabichi, zakumwa za gasi, kudya mothamanga. Nyemba zinyikeni usiku, madziwo mutaye, muphikire ena. Ena mkaka ndi umene suwayanja, akangomwa m'mimba kulira, yesani chambiko mwina chingakuyanjeni. Nseru, dulani jinja kachidutswa ngati chala, mumuphwanye, awire mphindi zingapo, muzimwa pang'onopang'ono akadali wofunda. Njoka zam'mimba nazonso zimapangitsa ana kudandaula mimba ndi kusowa chilakolako cha chakudya, albendazole amapereka kusikelo ndi m'masukulu.

Koma pali zina zoti musachedwe nazo pakhomo ngakhale tsiku limodzi. Magazi m'chimbudzi, kamwazi uja. Chimbudzi chakuda bii ngati phula pomwe simukumwa mapilitsi oonjezera magazi, kapena kusanza magazi. Ululu woopsa womwe wakhazikika kumunsi chakumanja kwa mimba, kapena mimba yolimba gwa yosakhudzika, mpweya ndi chimbudzi osatuluka. Mayi amene wadumphitsa kusamba kenako m'mimba mwayamba kuwawa kwambiri mbali imodzi. Kutsegula kapena kusanza pamodzi ndi kutentha thupi, chifukwa malungo ndi tayifodi amabwera choncho, akayezedwe magazi. Kutsegula kopitirira masabata awiri ndi kuonda, akayezetsenso HIV. Munthu wachikulire kapena wa shuga, wa BP, akamati chilungulira koma chifuwa chikumuthina, thukuta lili kamukamu, ululu ukupita kumkono, ukhoza kukhala mtima.

Ndipo ichi ambiri sachidziwa: Malawi ndi limodzi mwa mayiko omwe khansa ya kummero ndi yochuluka kwambiri pa dziko lonse. Imayamba mwakachetechete, nsima kumakakamira pachifuwa, munthu nkumakankhira ndi madzi, kenako kusiya nsima kuyamba phala, achibale nkumati ndi chilungulira chabe. Ngati bambo, amayi kapena amalume anu ayamba kuvutika kumeza ndipo akuonda, musawagulire maginiziyamu, apititseni kuchipatala cha boma sabata yomweyo ndipo mukawauze adokotala momveka kuti chakudya chikukanika kutsika.