Mafunso ndi mayankho pa kuyendetsa Linux m'kati mwa VirtualBox

Wophunzira wa ku Chirunga kapena ku Domasi amene ali ndi laputopu imodzi yokha sangalole kufufuta Windows chifukwa chofuna kuphunzira Linux, pulogalamu ina yoyendetsa kompyuta monga Windows. Njira yabwino kwa iye ndi virtual machine, kapena VM mwachidule, yomwe ndi kompyuta yachiwiri yoyendetsedwa ndi pulogalamu ngati VirtualBox m'kati mwa kompyuta yeniyeni.

Kodi zonsezi ndi zaulere?

Linux, yomwe Linus Torvalds anaiyambitsa mu 1991, ili pansi pa laisensi ya GPL, yomwe imalola aliyense kuigwiritsa ntchito, kuisintha ndi kugawira ena. Choncho kukopera mnzanu Ubuntu, womwe ndi mtundu umodzi wa Linux, pa fulashi si kuba, ndipo ndi nzeru, poti fayilo ya Ubuntu 24.04 ndi pafupifupi 6 GB, zomwe zingamalize bandulo ya munthu. VirtualBox ya kampani ya Oracle nayonso ili pansi pa GPL, koma gawo loonjezera lotchedwa Extension Pack lili ndi lamulo lakelake. Ndi laulere pa ntchito yaumwini ndi ya maphunziro basi, moti amene akufuna kuligwiritsa ntchito pa bizinesi, kaya ndi kashopu kosindikiza mapepala ku Chinamwali, ayenera kugula laisensi. Ambiri safunikira gawoli n'komwe, chifukwa kuyambira pa VirtualBox 7.0 zipangizo za USB 2.0 ndi 3.0 zimagwira ntchito popanda ilo.

Kodi laputopu ya RAM yochepa ingakwanitse?

RAM ndi memore imene kompyuta imagwiritsa ntchito poyendetsa mapulogalamu. Imene mwapereka ku VM imachotsedwa pa ya kompyuta yeniyeni, ndipo musapitirire theka. Pa laputopu ya 8 GB, Ubuntu imayenda ndi 4 GB. Pa ya 4 GB musadzivutitse nayo. Ikani mtundu wina wa Linux, monga Lubuntu kapena Debian yopepuka.

VM ikukana kuyaka ndipo ikunena kuti VT-x is disabled. Ndichite chiyani?

Vutoli silili mu Linux. Purosesa ya Intel ili ndi VT-x, ya AMD ili ndi AMD-V, ndipo imeneyi ndi mbali yothandiza kuyendetsa VM, koma malaputopu ena amabwera ili yozimitsidwa. Yatsaninso kompyuta, lowani mu BIOS, pomwe pamasinthidwa makonzedwe a kompyuta Windows isanayake, podina F2, F10 kapena Del malinga ndi mtundu wake, ndipo yatsani pamene palembedwa Virtualization Technology kapena SVM Mode.

Nanga ikayaka koma n'kumayenda pang'onopang'ono?

Yang'anani m'munsi mwa zenera la VM. Mukaona kachithunzi ka kamba wobiriwira, dziwani kuti Hyper-V, pulogalamu ya Windows yoyendetsa ma VM, yatenga kale VT-x kapena AMD-V ija, ndipo VirtualBox ikudutsira mwa iyo. Kuzimitsa Hyper-V ndi Memory integrity, gawo la chitetezo cha Windows, kumathetsa vutoli, ngakhale kuti WSL 2, njira ya Windows yoyendetsera Linux, imasiya kugwira ntchito komanso chitetezo cha Windows chimachepako, ndiye ganizirani kaye musanatero. Ngati vuto ndi zenera laling'ono lokana kukula, ikani Guest Additions, mapulogalamu a VirtualBox oikidwa m'kati mwa VM.

Batire inatha magetsi atazima, ndipo tsopano pakungooneka mawu akuti initramfs. Kodi ntchito yanga yatayika?

Kawirikawiri imakhala ilipo. VM ikazima mwadzidzidzi ili mkati molemba pa disiki, dongosolo la mafayilo limasokonekera, ndipo Linux imakana kupitirira mpaka likonzedwe. Uthenga wa pa sikirini umatchula gawo lomwe lavulala, mwachitsanzo /dev/sda2. Lembani fsck -y /dev/sda2, mudikire imalize, kenako mulembe reboot. Snapshot, yomwe imasunga VM mmene ilili pa nthawiyo, muziitenga musanasinthe chinthu chachikulu, koma musaiyese malo osungirako ntchito yanu, pakuti imakhala pa disiki yomweyo ndipo imakula mpaka kudzaza malo. Ntchito ya sukulu muziikoperanso pa fulashi.

Chifukwa chiyani mnzanga sakufika pa seva ya mu VM yanga kuchokera pa kompyuta yake?

VirtualBox imayamba ndi njira yolumikizira netiweki yotchedwa NAT, yomwe imapatsa VM adiresi ya 10.0.2.15 yosaoneka kwa makompyuta ena. Sinthani kupita ku Bridged Adapter, yomwe imachititsa VM kuoneka pa netiweki ngati kompyuta ina payokha, koma pa netiweki ya sukulu kapena ya ofesi pemphani kaye chilolezo kwa oyang'anira.