Dzino Likakuvutani Muli pa Tchuthi

Pa ntchito yanga ya udokotala wa mano, odwala amene amabwera atabwerera msanga ku tchuthi tsaya litatupa ndimawafunsa funso limodzi: kodi dzinoli linayamba liti kuvuta? Ambiri amaseka mwamanyazi. Linkanyerenyetsa kale akamwa madzi ozizira, koma ankati adzaliona akabwerako.

Choncho kaonaneni ndi dokotala patatsala milungu itatu kapena inayi kuti munyamuke, osati mawa lake muli ndi ndege. Dzino lomwe lamatidwa limafuna masiku kuti likhazikike, chimodzimodzinso bala la pamene pazulidwa dzino. Ndipo ndege siyibisa vuto. Mkati mwake mpweya umakhala ngati wa pamwamba pa phiri la mamita pafupifupi 2,000, ndiye kampweya kotsekeredwa m'bowo kapena pansi pa chomata chakale kamafufuma n'kumakankha mtsempha. Osambira pansi pa nyanja amakumananso ndi zomwezi.

M'chikwama musaiwale panado, ibuprofen, thonje laukhondo, ulusi wotsukira pakati pa mano ndi phala lomatira dzino mongoyembekezera, lomwe limapezeka m'mafamase. Ibuprofen si wa aliyense: amene ali ndi zilonda za m'mimba ndi amayi oyembekezera ayambe afunsa. Inshulansi ya paulendo muiwerengenso, chifukwa zambiri zimalipira chithandizo choletsa ululu chokha.

Ngozi yomwe ndimafuna aliyense aidziwe bwino ndi ya dzino loguluka lonse ndi muzu wake, mwina mwana wagwa m'mbali mwa dziwe losambira. Apa mphindi iliyonse ndi yofunika. Tolani dzinolo pogwira kumutu kwake, mbali yotafunira ija, osakhudza muzu. Pamuzupo pali timinofu tamoyo tomwe timalumikiza dzino ku fupa, ndipo tikauma timafa. Ngati lada, litsukuluzeni pang'ono ndi mkaka kapena madzi oyera. Osalipala, osalikulunga m'kapepala. Kenako libwezereni pamalo pake, mwiniwake alume kansalu mofatsa, mupite kwa dokotala. Zikakanika, liikeni m'kapu ya mkaka, osati ya madzi. Dzino lobwezeredwa mkati mwa mphindi 30 limakhala ndi mwayi waukulu. Likakhala louma kupitirira ola, mwayiwo umachepa kwambiri. Koma dzino loyamba la mwana wamng'ono musalibwezere, mungawononge lachikulire lomwe likubwera pansi pake.

Dzino likangowawa, chukuchani mkamwa ndi madzi ofunda othira mchere theka la kasupuni, muchotse chakudya chotsalira ndi ulusi, mumwe mankhwala motsatira malangizo. Asipirini musamuike pa usinini. Ndaonapo zilonda zoyera mbee zomwe amasiya, munthu n'kukhala ndi mavuto awiri m'malo mwa limodzi. Chivindikiro cha dzino, chija dokotala amaveka pa dzino lowonongeka, chikagwa, chisungeni. Guluu wa nsapato ayi, chonde.

Pali kutupa kwina kosayenera kudikira tsiku lobwerera. Kukafika pansi pa diso kapena kutsikira kukhosi, thupi n'kutentha, pakamwa kumakanika kuyasamula, kumeza kapena kupuma kumavuta, ndiye kuti mafinya akufalikira ndipo akhoza kutseka njira ya mpweya. Pamenepo musafufuzenso dokotala wa mano. Pitani kuchipatala chapafupi, ku gawo la odwala mwadzidzidzi, ngakhale pakati pa usiku.