Kubooka kwa matumbo kwa anthu okalamba: zizindikiro zimene zimabisika

Chifu kapena matumbo zikabooka, chakudya ndi tizilombo zimatayikira m'mimba, ndipo pakangopita maola ochepa tizilomboto timatha kulowa m'magazi. Kwa okalamba, zimene zimachititsa kawirikawiri ndi zilonda za m'chifu, khansa ya m'matumbo aakulu, kupotana kapena kutsekeka kwa matumbo, komanso kumwa kwa nthawi yaitali mankhwala ochepetsa ululu monga ibuprofen, diclofenac ndi aspirin.

Wachinyamata amamva ululu woopsa mwadzidzidzi ndipo mimba yake imauma gwaa. Chodetsa nkhawa n'chakuti thupi la munthu wokalamba silionetsa zonsezi nthawi zonse. Ululu ukhoza kukhala wochepa, mimba n'kukhalabe yofewa, thupi osatentha n'komwe, makamaka ngati akumwa prednisolone, amene amaphimba zizindikiro za kutupa. Nthawi zina chimene achibale amangoona ndi kusokonezeka maganizo, kufooka, kukana chakudya kapena kukodza pang'ono, ndipo n'kulakwa kwakukulu kunena kuti umenewu ndi ukalamba chabe. Kuchipatala amada nkhawa ngati wodwala akupuma ka 22 kapena kuposerapo pa mphindi imodzi, ngati mtima ukugunda kupitirira ka 100, kapena ngati nambala yapamwamba ya BP yatsika kufika pa 100. Mankhwala ena a mtima, monga atenolol, amalepheretsa mtima kuthamanga ngakhale matenda atakula.

Zotsatira za magazi zimathandiza, koma pazokha sizithetsa nkhani. Maselo oyera a magazi, amene mwa munthu wathanzi amakhala pakati pa 4,000 ndi 11,000 pa maikulolita (kadontho kakang'ono kwambiri ka magazi), akhoza kukwera, koma mwa wokalamba akhozanso kukhala monga mwa nthawi zonse kapena kutsika, ndipo kutsikako n'koopsa kwambiri. CRP, puloteni ya m'magazi imene imakwera m'thupi mukakhala kutupa, imatenga maola angapo isanakwere, choncho ikayezedwa msanga imatha kunamiza. Lactate (asidi amene amachuluka m'magazi ziwalo zikamasowa mpweya wa okosijeni) yoposa 2 mmol/L imasonyeza kuti ziwalo sizikulandira magazi okwanira, pamene kukwera kwa creatinine (zinyalala za m'magazi zimene impso zimasefa) kumasonyeza kuti impso zayamba kuvutika. X-ray ya pachifuwa imaonetsa mpweya wotayikira m'mimba, ngakhale kuti siuonetsa mwa odwala onse. Sikani ya CT, imene imajambula m'kati mwa thupi mwatsatanetsatane, ndiyo imaona bwino koposa.

Wokalamba amene mimba yayamba kumupweteka mwadzidzidzi apite kuchipatala nthawi yomweyo, atanyamula mankhwala onse amene amamwa. Asadye, asamwe chilichonse, ndiponso asapatsidwe mankhwala otsegula m'mimba, chifukwa ambiri amafunika dilipi, mankhwala opha tizilombo ndi opaleshoni tsiku lomwelo.