Mwendo wa Jordan Travis ndi mlandu wa Florida State

Mu Epulo 2025, Jordan Travis analengeza kuti wasiya mpira asanasewereko ngakhale kamodzi mu ligi yaikulu ya NFL. Timu ya New York Jets inamutenga mu 2024, koma mwendo wake wamanzere, umene unathyoka akusewerera yunivesite ya Florida State, unakana kuchira bwino. Nkhaniyi inatosanso chilonda chimene chimanyerenyesa okonda mpira wa m'mayunivesite ku America Disembala aliyense. Funso lake ndi lakuti: wosewera wodalirika akavulala masewero a bowl ali pafupi, timuyo tiiweruze ndi zimene yachita kale m'bwalo, kapena ndi zimene tikuganiza kuti ichita iye palibe?

Mpira tikunenawu ndi wa ku America uja, wa zisoti ndi mpira wosongoka uku ndi uku. Timu za m'mayunivesite zimasewera masewero 12 kuchokera kumapeto kwa Ogasiti kufika kumapeto kwa Novembala, ndipo zimene zachita bwino zimaitanidwa ku masewero otsekera nyengo otchedwa bowl. Mwambowu unayambira ku Pasadena mu 1902, pamene Michigan inakwapula Stanford 49-0 mpaka a Stanford anapempha kuti masewero athe nthawi isanakwane. Lero ma bowl alipo oposa 40, ambiri ongosangalatsa anthu ndi kupangira ndalama makampani a wailesi ya kanema. Koma kuyambira 2014 mpaka 2023 panali komiti ya anthu 13 imene inkasankha timu zinayi zokha zoti zilimbirane ukatswiri wa dziko lonse, ndipo timu zinayizo zinkakumana m'ma bowl awiri akuluakulu.

Pofika pa 18 Novembala 2023, Florida State inali itapambana masewero onse 10, kuphatikizapo kugonjetsa LSU 45-24 tsiku loyamba lenileni. Komiti inali itaiika pa nambala 4. Usiku umenewo ku Tallahassee, kwawo kwa Florida State, m'bwalo la Doak Campbell, kunabwera North Alabama, timu ya gawo lotsika, ya mtundu umene masukulu akuluakulu amalipira kuti ibwere idzagonje. Anali masewero omaliza a pakhomo, pamene osewera otsazika amalowa m'bwalo ndi makolo awo nkuomberedwa m'manja. Travis anali mmodzi wa otsazikawo. Iye anali quarterback, munthu amene amalandira mpira poyamba pa kuukira kulikonse nkusankha kuponya, kupatsira kapena kuthamanga nawo yekha. Mu mpira umenewu palibe malo ena olemera ngati amenewo.

Zinthu zinayamba mokhota. Alendo aja anatsogola 13-0 m'chigawo choyamba, bwalo lonse zii. Travis, pofuna kudzutsa anzake, anathamanga ndi mpira kudutsa pakati, ndipo wotchinga wa North Alabama anamugwetsa nkumugwera pamwendo. Phazi linapindikira kumene phazi silipita. Anamumanga mwendo pomwepo, anzake onse atazungulira kagalimoto konyamulira ovulala, kenako ambulansi inamutengera kuchipatala. Florida State inadzuka ndithu, nkupambana 58-13, koma palibe amene anatuluka m'bwalomo akukamba za mapointi.

Masabata awiri otsatira ndi amene ine ndimaona kuti ndi mtima wa mlanduwu. Pa 25 Novembala, Tate Rodemaker, wolowa m'malo mwa Travis, anatsogolera timu kukagonjetsa adani awo a University of Florida kwawo ku Gainesville, 24-15. Koma naye anagundidwa m'mutu m'masewero omwewo, madokotala nkumuletsa kusewera sabata yotsatira. Pa 2 Disembala ku Charlotte, polimbirana ndi Louisville ukatswiri wa chigawo cha ACC, gulu la mayunivesite limene Florida State imaseweramo, mpira unaperekedwa kwa Brock Glenn, mnyamata wa chaka choyamba pa yunivesite, wachitatu pamndandanda. Anaponya ka 21, yofika kwa mnzake 8 yokha, mtunda wonse mayadi 55. Sanali masewero okoma kuonera. Komabe otchinga a Florida State anaima nji, Louisville inangopeza mapointi 6, ndipo zinatha 16-6. Masewero 13, kupambana 13.

M'mawa mwake komiti inalengeza timu zinayi: Michigan, Washington, Texas ndi Alabama. Ziwiri zoyambazo zinali zosagonjapo. Texas ndi Alabama zinali zitagonjapo kamodzi kamodzi. Florida State inaikidwa pa nambala 5, ndipo aka kanali koyamba kuti katswiri wosagonja wa chimodzi mwa zigawo zisanu zikuluzikulu asiyidwe kunja. Wapampando wa komiti, Boo Corrigan, ananena pa kanema kuti Florida State si timu yomwe ija imene anaiona masabata 11 oyambirira.

Kunena chilungamo, komiti sinapeke lamulo tsiku limenelo. M'malamulo ake olembedwa munali kale mfundo yoti aziganizira kusowa kwa osewera kapena aphunzitsi ofunika ngati kungakhudze mmene timu ingasewerere m'masewero otsekera. Oikira kumbuyo komiti amagwira pamenepo, ndipo amaonjeza kuti Alabama inali itangogwetsa Georgia 27-24, timu imene inali itatenga ukatswiri zaka ziwiri zotsatizana, ndipo sakanalowetsa Alabama nkusiya Texas imene inaigonjetsa 34-24 kwawo komwe ku Tuscaloosa. Ntchito yawo, amatero, inali kusankha timu zinayi zabwino koposa pa tsiku limenelo.

Koma pali kanthu kamene mfundo imeneyi sikukufotokoza. Pa 28 Novembala, Travis atavulala kale masiku 10, komiti yomweyo inaika Florida State pa nambala 4, Texas pa 7, Alabama pa 8. Florida State inapita nkukapambana, ndipo inatsika. Ngati vuto linali mwendo wa Travis, mwendowo unali wothyoka kale pamene ankaipatsa nambala 4. Zimene zinasintha pakati pa masiku awiriwo ndi kupambana kwa Alabama ndiponso kuponya kofooka kwa Glenn, amene sakanayamba n'komwe masewero otsatira, poti Rodemaker ankayembekezeka kuchira nthawi isanafike. Mavoti a komiti ndi achinsinsi ndipo zokambirana zawo sizisindikizidwa, choncho tili ndi mawu a wapampando basi. Pamene pali mdima wotere mphekesera zimamera. Ambiri ku Tallahassee amakhulupirira kuti kampani ya wailesi ya kanema ya ESPN, imene imaonetsa masewero olimbirana ukatswiri ndipo ili pa mgwirizano waukulu ndi chigawo cha SEC cha Alabama, inali ndi dzanja pamenepo. Umboni wa zimenezo palibe amene anautulutsa poyera, ndipo ESPN yomweyo ndi imene imaonetsanso masewero a ACC.

Mbiri nayo imakokedwa uku ndi uku. Mu 2014, chaka choyamba cha komitiyi, Ohio State inataya quarterback wawo Braxton Miller nyengo isanayambe, kenako wolowa m'malo mwake J.T. Barrett anathyoka kakolo posewera ndi Michigan kumapeto kwa Novembala. Wachitatu wawo, Cardale Jones, analowa nkugonjetsa Wisconsin 59-0, komiti inawalowetsa pa nambala 4, ndipo anatenga ukatswiri atagonjetsa Alabama ndi Oregon. A Florida State amati: mwaona, timu ya quarterback wachitatu inapatsidwa mwayi ndipo inapambana. A komiti angayankhe kuti 59-0 ndi 16-6 sizifanana. Onse akunena zoona. Komabe kwa ine zikumveka ngati kumana mlimi mtengo wa chimanga chimene wakolola kale chifukwa ng'ombe yake yolimira yathyoka mwendo.

Travis mwiniwake analemba pa intaneti tsiku limene komiti inalengeza timu zinayi zija kuti akanakonda mwendo wake ukanathyoka kumayambiriro kwa nyengo, kuti anthu aone kuti timuyi ndi yoposa quarterback mmodzi, ndipo anapepesa. Mphunzitsi Mike Norvell anati zamunyansa ndi kumukwiyitsa. Andale nawo analumphirapo: bwanamkubwa wa Florida Ron DeSantis anapempha kuti ndalama zokwana 1 miliyoni ya madola ziikidwe padera zothandizira milandu, ndipo loya wamkulu wa boma la Florida panthawiyo, Ashley Moody, anayamba kufufuza. Zonsezo sizinabweze timu m'bwalo.

Florida State inatumizidwa ku Orange Bowl, ku Miami, kukakumana ndi Georgia pa 30 Disembala. Apa nkhani ya kuvulala imatembenuka, chifukwa chimene chinakhuthula timuyi tsopano chinali mantha a kuvulala. Mantha amenewa ali ndi mbiri yake. Pa 1 Januwale 2016, Jaylon Smith wa ku Notre Dame, amene ankayembekezeka kukhala pakati pa oyambirira kusankhidwa ndi timu za NFL, anaphwanyika bondo mu Fiesta Bowl, nkutsikira pa nambala 34, ndalama zambirimbiri nkumudutsa. Disembala wa chaka chomwecho Leonard Fournette wa ku LSU ndi Christian McCaffrey wa ku Stanford anakana kusewera ma bowl a timu zawo. Ananyozedwa kuti ndi odzikonda, athawa anzawo. Patangopita masiku ochepa, Jake Butt wa ku Michigan, amene anasankha kusewera, anaduka mtsempha wa bondo mu Orange Bowl, ndipo timu imene ankalimbana nayo inali Florida State yomweyi. Posankha osewera a NFL, Butt anasankhidwa mochedwa, mu gawo lachisanu, pamene Fournette anatengedwa pa nambala 4, McCaffrey pa nambala 8. Wosewera aliyense anawerenga yekha manambala amenewo.

Ndiye anyamata a Florida State, atauzidwa kuti kupambana 13 sikunakwane, anaona kuti palibe chifukwa choika maondo awo pachiswe. Jared Verse, Keon Coleman, Johnny Wilson, Trey Benson ndi Jaheim Bell onse anati akukonzekera NFL. Rodemaker analembetsa kuti akusamukira ku sukulu ina. Chiwerengero cha osowa chimasiyana malinga ndi mmene wolemba akuwerengera, ena amaphatikiza ovulala ndi osamuka, ena ayi, koma malipoti ambiri amagwirizana kuti anaposa 20. Glenn anayambanso, atazunguliridwa ndi anyamata amene nyengo yonse ankaonera mpira ali pabenchi. Georgia inapambana 63-3, kusiyana kwa mapointi 60 kumene kunali kusanaonekepo mu bowl iliyonse.

Alipo amene amaloza 63-3 nkunena kuti komiti inaona patali. Mfundo imeneyo ine siindikhutiritsa, chifukwa timu imene inasewera ku Miami usiku umenewo inapangidwa ndi chigamulo cha komitiyo. Akanalowa m'gulu la zinayi, n'zovuta kuganiza kuti Verse ndi anzake akanakhala kunja. Mwina akanagonjabe kwa Michigan, imene inavutika ndi Alabama mu Rose Bowl mpaka nthawi yoonjezera, 27-20, isanatenge ukatswiri. Masewero amenewo sanachitike, ndipo Orange Bowl singawaimire. Ngakhale Kirby Smart, mphunzitsi wa Georgia amene anapambana, sanasangalale nazo. Anauza atolankhani kuti anthu aone zimene zachitika usikuwo nkuzikonza. Ena amalozanso nyengo ya 2024, pamene Florida State inapambana kawiri kokha nkugonja ka 10, koma pamenepo akatswiri a 2023 anali atachoka kale.

Kuyambira 2024 timu zolimbirana ukatswiri zinakhala 12, ndipo m'chaka chimenecho akatswiri a zigawo asanu okwera kwambiri anali ndi malo otsimikizika, moti timu yonga Florida State ya 2023 sikanasiyidwa. Ganizo la timu 12 linaperekedwa koyamba mu Juni 2021, ndipo panthawiyo kunkamveka kuti likhoza kuyamba mwina mu 2023. Linachedwa chifukwa kumayambiriro kwa 2022 zigawo zitatu zinavota mokana: Big Ten, Pac-12 ndi ACC, chigawo cha Florida State chomwecho. Chimodzi mwa zifukwa zimene mkulu wa ACC, Jim Phillips, anapereka chinali chakuti masewero akachuluka, matupi a osewera adzakhala pangozi.