Chiwaddar, chilankhulo cha anthu osema miyala ku India

Kummwera kwa India kuli mtundu wa anthu amene kuyambira makedzana ntchito yawo idali kukumba zitsime, madamu ndi ngalande, komanso kuswa miyala. Amadziwika ndi mayina angapo: Waddar, Vadar, Vaddera kapena Odde, ndipo ku Karnataka ambiri amatchedwa Bhovi. Ngakhale magulu awo amatchulidwa potengera ntchito. A Kallu Waddar ndi a miyala, a Mannu Waddar ndi a dothi, a Uppu Waddar ndi a mchere.

Mbiri ya pakamwa imati makolo awo adachokera ku Odra, komwe lero ndi Odisha, kum'mawa kwa India. Koma chilankhulo chawo ndi cha m'banja la Chidravida, la zilankhulo za kummwera kwa India, ndipo ndi m'bale weniweni wa Chitelugu. Chidafalikira potsata ntchito. Kukamveka kuti kwinakwake akumanga damu, msewu kapena njanji, mabanja ankasamuka onse, nakamanga misasa m'mbali mwa ntchitoyo. N'chifukwa chake lero chimamveka ku Andhra Pradesh, Telangana, Karnataka mpaka ku Maharashtra, pakati pa olankhula Chikannada ndi Chimarathi, ndipo chidabwereka mawu kwa iwo.

Kusamukasamukako kudawadzetsera tsoka. Atsamunda a ku Britain adakhazikitsa lamulo la Criminal Tribes Act mu 1871, ndipo m'madera ena Awaddar adalembedwa ngati mtundu wa anthu obadwa ndi umbava. Tangoganizani, mwana wakhanda kutengedwa ngati mbava chifukwa cha mtundu wake! Lamuloli lidatheratu mu 1952, koma chitonzo sichidathe nalo limodzi.

Mkangano ulipo ndi wakuti: kodi Chiwaddar n'chilankhulo pachokha, kapena ndi kalankhulidwe chabe ka Chitelugu? George Grierson, pa kafukufuku wake wa zilankhulo za ku India, adachiika pansi pa Chitelugu. Kalembera wa mu 2011 adachitanso chimodzimodzi: olankhula Vadari, dzina lina la Chiwaddar, pafupifupi 200,000 adaphatikizidwa m'chiwerengero cha anthu oposa 81 miliyoni a Chitelugu. Akatswiri ena amachiwerenga pachokha, ndipo ine ndili kumbali yawo, chifukwa chikangobisika pansi pa dzina la china, palibe amaganiza zochilembera mabuku. Mwana wa Mwaddar wa ku Maharashtra amalankhula Chiwaddar ndi agogo ake kunyumba, koma akalowa m'kalasi amaphunzira m'chilankhulo china, kawirikawiri Chimarathi, ndipo akafuna kulemba chilankhulo cha makolo ake amabwereka zilembo za Devanagari, zomwe amalembera Chimarathi.