Nkhondo ikatha kumabwera bilu: kumene Armored Core inatengera kafotokozedwe kake

Mu gemu ya Armored Core, nkhondo ikatha sumva nthungululu. Chimene chimabwera pasikirini ndi bilu. Pamwamba pali ndalama zimene anakulonjeza amene wakulemba ganyu, m'munsi mwake achotsapo mtengo wa zipolopolo zonse zimene wawombera, kenako mtengo wokonzetsera chiloboti chako, ndipo chotsalacho ndiye chako. Tsiku lina, pa gemu yoyamba ya mndandandawu, ya 1997, ndinamenya nkhondo mpaka zala kuchita dzanzi, n'kupambana ndithu. Bilu itabwera ndinapeza kuti wolipira ndine. Mizinga yodula ndinali nditaimwaza ngati ndalama za pa perekaniperekani, ndipo adani amene ndinawaphwanyawo anali otchipa kuposa zipolopolo zake.

Okonda gemuyi akhala akukangana kwa zaka zambiri. Ena amati ilibe nkhani, ndi kuwombera basi, chifukwa suona nkhope ya munthu ngakhale mmodzi, ndipo amene ukumuyendetsayo sayankhula n'komwe. Ena amati nkhani ilipo yambiri, koma ili m'makalata, m'mawu a pawailesi ndi m'bilu muja. Ine ndili kumbali yachiwiriyi. Koma mizu ya mkanganowu siili m'magemu, ili m'makatuni a ku Japan, kumene funso lakuti munthu aime pati pa chiloboti linayankhidwa katatu, mosiyanasiyana.

Poyamba munthu anaima panja. Mu 1956 Mitsuteru Yokoyama anayamba kujambula nkhani ya Tetsujin 28-go, imene katuni yake inafika pa TV mu 1963. Maloboti ake si a pamsewu aja, ndi chimphona chachitsulo chimene anachipanga kuti chikamenye nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, nkhondoyo n'kutha chisanagwire ntchito. Kamnyamata kamachiyendetsa ndi rimoti kali chapatali. Yokoyama anali wa ku Kobe, mzinda umene unapserera ndi mabomba mu 1945, ndipo mfundo yake inali yosabisa: chitsulocho chilibe mtima, chimamvera aliyense amene wagwira rimoti, wabwino kaya woipa. Lero ku Kobe kuli chifanizo chake chotalika mamita 18.

Mu 1972 Go Nagai anamulowetsa munthuyo m'kati. Mu Mazinger Z mnyamata amakhala m'mutu mwa chiloboti, akufuula dzina la chida chilichonse asanachiponye, ndipo sabata iliyonse kumabwera chilombo chatsopano choti chiphwanyidwe. Makampani a zidole anaona msika pamenepo. Kwa zaka zingapo iwo ndi amene ankalipirira makatuni amtunduwu, ndipo ntchito yeniyeni ya nkhani inali kugulitsa chidole.

Pamene zinakhotera penipeni ndi mu April 1979, Yoshiyuki Tomino atatulutsa Mobile Suit Gundam. Chiloboti chinasiya kukhala mulungu wachitsulo, chinasanduka katundu wa asilikali ngati thanki: chimatha zipolopolo, chimawonongeka, chimadikira masipeyala. Woyendetsa wake, Amuro Ray, ndi mwana wa zaka 15 amene wakwera mwangozi, amachita mantha, nthawi zina amakana kukamenya. Adani nawonso ndi anthu, ali ndi azikazi awo ndi zifukwa zawo. Muli mdani waluso wovala chigoba kumaso, Char Aznable, amene amabwerabwera, ndipo oyendetsa awiri amakangana pawailesi za chilungamo kwinaku akuthirana moto. Tomino anapekanso tizinthu totchedwa Minovsky particles timene timasokoneza rada, kuti pakhale chifukwa chomveka chomenyerana pafupi m'malo moponyerana mizinga uli kutali.

Owonera sanachuluke, zidole za kampani ya Clover sizinayende malonda, ndipo katuniyo anaidula pa zigawo 43 m'malo mwa 52. Inadzauka chifukwa choibwereza pa TV komanso chifukwa cha kampani ya Bandai, imene mu July 1980 inayamba kugulitsa tiziloboti tapulasitiki todzilumikizira wekha pa mtengo wa 300 yen. Apa ndi pamene ndimaona kuti panabadwira garaja ya Armored Core, mmene wosewera amalumikizira yekha chiloboti chake. Ana amene anakula akudula ndi kumata manja, miyendo ndi mfuti zapulasitiki anaphunzira kuti kumanga makinawo ndi theka la nkhani. Mu 1982 kunabwera Macross ndi mizinga yake yambirimbiri youluka mokhotakhota, ikusiya mizere ya utsi, ndipo mu 1983 Armored Trooper Votoms inatsitsa chiloboti kufika pa mamita anayi okha, chopangidwa chambiri, chotchipa, choti chikaphulika palibe amene amalira.

Opanga magemu anatola zonsezi. Chovuta chinali chakuti makina a nthawi imeneyo sakanatha kuonetsa katuni yathunthu, ndiye anatenga njira yachidule: kachithunzi ka nkhope pakona, mawu olembedwa pansi, nkhondo ili m'kati. Assault Suits Valken ya 1992 inachita bwino zimenezi, koma itapita ku America ndi dzina lakuti Cybernator anachotsamo nkhopezo pamodzi ndi chigawo chimene mtsogoleri wa adani amadzipha. Zone of the Enders ya Konami, mu 2001, inatsata mapazi a Gundam osaphonya: kamnyamata kagwera m'chiloboti champhamvu, sikafuna kupha, ndipo kamatsutsana ndi mawu a kompyuta ya m'chilobotimo.

FromSoftware, kampani imene imapanga Armored Core, inalowera kwina. Pa Armored Core ya pa PlayStation, mu July 1997, anaitana Shoji Kawamori, yemwe uja wa Macross, kuti ajambule makina. Kuchokera m'makatuni anatenga chitsulo, mizinga, mdani waluso ndi mawu a pawailesi. Chimene anasiya ndi nkhope, pamodzi ndi misozi ya mwana woyendetsa uja. Dziko lake ndi lakuti nkhondo yaikulu inawononga pamtunda, anthu akukhala m'mizinda ya pansi pa nthaka, ndipo olamulira ndi makampani, makamaka awiri, Chrome ndi Murakumo Millennium. Iwe ndiwe msilikali waganyu, amene amatchedwa Raven. Ntchito umazisankha pa mndandanda. Lero ukulondera fakitale ya awa, mawa ukuphwanya katundu wa omwewo chifukwa enawo alipira bwino. Imodzi mwa ntchito zoyambirira ndi kukathamangitsa ogwira ntchito amene atseka mlatho pochita zionetsero, ndipo kalata yake imalembedwa mwaulemu ngati ya ku ofesi, osatchulamo liwu lakuti kupha. Palibe amene amakuuza kuti zimenezi n'zoipa. Umazindikira wekha ukaona kuti makina amene ukuwawomberawo ndi ogwirira ntchito, si ankhondo.

Ndiye pali ngongole. Ukamalephera ntchito motsatizana, ndalama zimatsika mpaka kupyola ziro. Ngongole ikafika 50,000, gemu siikuuza kuti wagonja. Imakuonetsa kuti akugoneka patebulo la opaleshoni, thupi lako aligwiritsa ntchito poyeserera, kenako umayambiranso pachiyambi, ngongole itafufutidwa, uli ndi mphamvu zina zimene unalibe. Amazitcha Human Plus. Kumbali ina ndi chifundo cha opanga gemu kwa wosewera wofooka. Kumbali inayo, sindikudziwa katuni imene inanenapo momveka chonchi kuti m'dziko limeneli munthu wosauka chomaliza kugulitsa ndi thupi lake. Ndipo wosewera sachita kuuzidwa, zimamuchitikira, chifukwa cha mizinga imene anamwaza yekha.

Amene amati mulibe nkhani ali ndi mfundo yawo, ndisawapondereze. Magemu ena apakati pa mndandandawu makalata ake ndi ouma gwa, ndipo ukhoza kumaliza osadziwa kuti unkamenyera ndani. Kubisa nkhani ndi luso, koma nthawi zina ndi ulesi wovala jekete. Hidetaka Miyazaki, amene gemu yoyamba kuitsogolera inali Armored Core 4 ya 2006, anadzatchuka ndi Dark Souls, mmene nkhani amaimwaza m'mafotokozedwe a zida. Ambiri amaganiza kuti kachitidweko kanayambira kumeneko, chonsecho garaja ya ma Raven inali itayamba kale.

Itatuluka Armored Core: Verdict Day mu 2013, mndandandawu unakhala chete zaka khumi. Armored Core VI: Fires of Rubicon inatuluka pa 25 August 2023, wotsogolera ali Masaru Yamamura, ndipo ndalama zojambulira nkhope zinalipo zokwanira. Sanajambulebe. Munthu aliyense ndi mawu ndi chizindikiro chake basi. Iwe ndiwe C4-621, munthu wochitidwa kale opaleshoni, ngati kuti nthabwala yowawa ya 1997 ija tsopano ndiye poyambira. Ntchito yako yoyamba padziko la Rubicon 3 ndi kufufuza m'zigoba za ziloboti zakufa kuti upeze laisensi yoti ugwirire ntchito, ndipo dzina lakuti Raven umalitola pamenepo, ndi la mwini wake.

Chimene chinandigwira mtima ndi maina. Walter, amene amakupezera maganyu, amakuitana ndi nambala, 621, ndipo amakuwerengera m'gulu la agalu ake osakira. Michigan, mkulu wa asilikali a kampani ya Balam, amakupatsa nambala yakeyake, G13. Carla amakutcha mlendo wodzaona malo. Rusty, wa kampani ya Arquebus, amakuitana ngati mnzake wapamtima kuyambira tsiku loyamba, ndipo Ayre, mawu amene amamveka m'mutu mwako mokha, amati Raven. Iwe sunayankhepo ngakhale kamodzi. Gemuyi ili ndi mathero atatu, ndipo kusankha njira n'kusankha kuti mwa oitanawa uwombera uti. Pa ulendo wanga woyamba ndinatsata zofuna za Walter, ndiye amene anaima kutsogolo kwanga anali Rusty. Nkhope yake sindinaionepo. Ndinaika kontirola pansi kwa kanthawi ndisanayambe kuwombera.